Mphere za Galu wa a Yoramu

A Yoramu, aneba athu ku Liwonde, ankakana kukasambitsa galu wawo kudibi. Ati galu wogula ku Blantyre sangaime pamzere umodzi ndi tiagalu takumudzi.

Mphere zitamugwira, ubweya unayamba kusosoka. Bambowo anakatunga oyilo wakuda kugalaja ya maminibasi n'kumupaka thupi lonse, kusiya maso okha. Galuyo anadzinyambita tsiku lonse, kenako anayamba kusanza, ndipo Lachitatu anafa.

A Yoramu anabwera pampanda wathu, manja akadali bii, kudzandiuza kuti m'dera muno muli munthu wanjiru amene wapatsa galu wawo tameki.

"Munthuyo alipodi, bambo," ndinatero ndikuyang'ana manja awowo. "Ndipo sanasambe n'komwe."