Kamera ya a Gervazio

A Gervazio Mbewe a ku Sinda anayamba kujambula zithunzi asanakwatire n'komwe. Kalelo ukwati sunkayamba iwo asanafike. Ankapalasa njinga mudzi ndi mudzi, kamera ili lende pakhosi, mafilimu n'kukatsukitsa ku Chipata, ndipo pobwerera anthu ankawachingamira kumsewu.

Kenaka kunabwera mafoni ongokhudza ndi chala aja. Anayamba ndi aphunzitsi ndi ogula thonje, koma mitengo itatsika, mnyamata aliyense akagulitsa nshawa ankathamangira ku Katete, kumene masitolo a nsalu anali atasanduka a mafoni ndi matabuleti. Oitana a Gervazio anachepa mpaka anatheratu.

Chaka chatha, mu Ogasiti, anapitabe ku mwambo wa Kulamba ku Mkaika monga mwa chaka chilichonse, atavala jekete lawo labwino. Anthu anali pikitipikiti, koma kulikonse kumene ankayang'ana manja anali m'mwamba, aliyense akudzijambula yekha. Dzuwa litapendeka mtsikana wina anawakodola, iwo n'kuganiza kuti apeza ntchito. Koma iye anangowapatsa foni yake kuti amujambule ndi anzake. A Gervazio anaigwira ngati mbale ya moto, namujambula. Mtsikanayo ataona chithunzicho anathokoza mwaulemu, n'kuchifufuta iwo akuona.

Pobwerera analowa m'sitolo ya Obvious, mwana wa mnzawo, kukafunsa ngati pangapezeke wogula kamerayo. Obvious anaitembenuza uku ndi uku, nawafotokozera kuti ngakhale foni yotchipa ya pa shelefu pakepo imajambula kuposa iyo, ndipo miyezi ingapo ikubwerayi kudzafika ina yoposa pamenepo.

"Kaisungeni kunyumba, atate," anatero. "Ndinganame nditati alipo angaifune."

Kunyumba a Gervazio sanatuluke pakhomo sabata yathunthu. Akazi awo, a Mwandida, powaona akuonda, anatulutsa katoni yomwe inkakhala pansi pa bedi, yodzaza zithunzi zomwe eni ake sanabwere kudzatenga. Anati m'malo moti chiswe chizidye, bwanji akazipereke kwa eni ake ulere. Ntchitoyo inawadzutsa a Gervazio. Anayambanso kuyenda m'midzi, koma ambiri a pa zithunzipo anawapeza atamwalira, ena atasamukira ku Lusaka, ndipo ena ankangoseka zovala zakalezo.

Panatsala chimodzi chimene ankachinyadira kwambiri, cha ukwati wa Solomoni ndi Rebecca umene anakajambula ku Vubwi zaka zambiri zapitazo. Anakwera minibasi kudzera ku Chipata, n'kufunsira njira mpaka anafika. Solomoni anali atamwalira chilimwe chapitacho. Mai Rebecca, tsopano a imvi, analandira chithunzicho ndi manja awiri, koma maso awo anali atachita ng'ala. Anachiyandikiza kumaso, anachitalikiza, osaona kanthu.

Mwana wawo wamkulu, Collins, anatenga foni yake, najambula chithunzicho, n'kukulitsa nkhope ya bambo ake ndi zala ziwiri mpaka inadzaza galasi lonse. Apo mpamene mayiyo anamuona mwamuna wawo. Anafungatira foniyo pachifuwa, nalira chamumtima nthawi yaitali. Collins anatumiza chithunzicho kwa abale a ku Malawi ndi ku Mozambique, ndipo posakhalitsa foniyo inayamba kulira, onse akufunsa kumene chachokera.

Pepala la chithunzi lija linatsala pa mphasa. Potsazikana, Collins analitola n'kuwabwezera a Gervazio mwaulemu ndithu.

"Zikomo kwambiri, madala. Ili mutha kubwerera nalo, ife tachisunga kale m'foni."

A Gervazio anafuna kunena kuti chithunzi n'cha pakhoma, koma anaona kuti mnyamatayo sanalakwe kanthu, ndipo mayi ake anali akupenyabe pagalasi paja. Analiika m'thumba la jekete, nanyamuka.

Atafika ku Sinda anauza a Mwandida kuti ulendo unayenda bwino, eni ake akondwa. Zina zonse sanazitchule. Mvula yoyamba itagwa anatenga khasu n'kutsagana ndi akazi awo kumunda wa thonje, ntchito imene manja awo sanaizolowere. Anachita matuza, msana n'kumawawa, koma sanadandaule. Masiku ano ana a m'mudzimo amangowadziwa ngati mkulu wosayankhulayankhula amene amalima mizere yokhota.