Kabuleta Yokwechedwa ndi Mchenga

A Uladi a ku Lungwena anali ndi pikapu yakale yoti ngakhale mbuzi za m'mudzimo zinkaidziwa kulira kwake. Inawanyamulira usipa zaka makumi atatu. Tsono mwana wawo Rahma atapeza mwamuna, mnyamata wa sitolo ku Joni, a Uladi analumbira pamaso pa abale onse kuti mkwatibwi sakwera galimoto yahayala. Adzamufikitsa okha pakhomo la holo Loweruka, pa pikapu yawo yomweyo.

Kulumbira sikutulutsa thukuta. Lolemba pikapu inayamba kutsokomola, Lachiwiri inakaniratu kudzuka. A Uladi anamasula kabuleta, chitsulo chija chimasakaniza petulo ndi mpweya, n'kuiika mumphika wakale kuseri kwa khitchini kuti aione bwino akabwera kumzikiti.

Apa ndi pamene analakwitsa. Tsiku lomwelo akazi awo, a Hidaya, anali atasonkhanitsa amayi kuti akakweche miphika ya ukwati kunyanja. Ndipo amayi a kunyanja, chitsulo chikawagwera m'manja sachisiya chisanawale. Mphika uja unapita nawo, kabuleta ili momwemo.

Pobwera, a Hidaya anaipereka kwa amuna awo ndi manja awiri.

"Chinthu chanuchi chinali bii ngati kunsi kwa chiwaya. Tachikwecha anthu anayi mosinthana."

Kabuleta inali waliwali, munthu n'kumadzionerapo nkhope. A Uladi anaitembenuza kufuna pamene panadindidwa nambala yogulira zitsulo zake zatsopano. Panali posalala. Panangotsala zilembo ziwiri ndi 3 mmodzi, nayenso wolemala mwendo.

"A Hidaya, mwandipha ine."

"Iii, kuthokoza kwake n'komweko? Mchenga wake tinachita kusankha wosalala!"

A Uladi anaimbira foni a Davide, wogulitsa zitsulo za magalimoto akale ku Limbe. A Davide anali munthu wodekha, wozolowera makasitomala olira.

"Achimwene, nambala imeneyo ndiye dzina la kabuleta. Zilembo ziwirizo zikundiuza amene anaipanga, pamenepo tili bwino. Manambala awiri otsatira amanena kukula kwa khosi lake. Omalizawo amanena injini imene inabadwa nayo. Tsono inu mwandipatsa 3 yekha. Ndi 30, 32 kapena 36?"

"Zimasiyana kwambiri?"

"Majeti ake amasiyana, timabawuti tobooka tija timayeza petulo. Mukaika aakulu pakhosi laling'ono, injini imatsamwa. Tayezani khosilo."

A Uladi analibe choyezera. Analowetsamo zala.

"Zala ziwiri ndi kachidutswa."

"Zala za ndani, achimwene?"

Anayesa njira zonse. Anapaka mwaye pamalo osalalawo n'kudindapo pepala, panatuluka chithunzi chonga nkhanu. Anaitana amayi anayi aja kuti anene zimene anaona asanayambe kukwecha. Wina anati panali 8, wina anati panali kambedza, wina anati iye amakwecha mbali inayo. A Hidaya anangoti, "Panali litsiro."

Pamapeto pake nambala inasankhidwa ndi matama. A Uladi anaima n'kuiyang'ana pikapu yawo, nakumbukira zitunda zonse zimene inakwera itasenza madengu mpaka pamwamba. Galimoto yotere ingakhale ya 30?

"A Davide, tumizani za 36."

"Mwayeza?"

"Ndikuidziwa ine."

Kaphukusi kanafika pa minibasi Lachinayi. Lachisanu atachoka kumapemphero a Juma, a Uladi anamanga zonse, anthu asanu n'kukankha. Pikapu inabangula mpaka nkhuku kubalalika, utsi wakuda tolo. Koma atangochotsa phazi pamoto, injini inati khoo, zii. Anakankhanso, chimodzimodzi. Bola phazi lili pansi inkathamanga ngati yatsopano, koma kungoti aime, yafa. A Uladi anachita manyazi okhaokha, moti sanayerekeze kuwaimbiranso a Davide.

Loweruka mwambo womanga ukwati wa nikah utatha, Rahma anakwera kutsogolo atavala zoyera, a Hidaya ndi amayi anzawo kumbuyo ndi nthungululu. Anthu anakankha, ulendo unayambika. A Uladi anali atawerengera bwino: akafika pakhomo penipeni pa holo, achotse phazi, injini izime ngati aizimitsa dala. Ndani akanadziwa?

Koma pakhomo la holo panali podzaza. Anthu ovina anatseka njira yonse, ena atanyamula mbale, ena ana. Kuima patali kukanatanthauza kuti mkwatibwi alowe mochita kukankhidwa ngati ngolo, akuchimuna akuonerera. A Uladi anakukuta mano, anapotoza chiwongolero, n'kuzungulira kuseri kwa holo.

Anthu anaganiza kuti ndi sitayilo. Nthungululu zinakwera, ndipo ovina m'malo mopatuka anawonjezekera. A Uladi anatulutsa mutu pawindo.

"Chokani panjira! Chokanitu inu!"

Iwo anamva ngati akuwalonjera, nawabayibitsa. Pikapu inazungulira kachiwiri. Kachitatu. Utsi unazinga holo, mkwati ataima pakhomo ndi suti yake akungotembenuza khosi uku ndi uku. Kumbuyo a Hidaya ankamenya denga la pikapu ndi chikhatho.

"A Uladi! Anzanga ayamba chizungulire kuno!"

Ulendo wachinayi shehe amene anamanga ukwatiwo anazindikira kuti zinthu sizili bwino, nayamba kupatula anthu ndi ndodo yawo. Njira inatseguka mpaka pakhomo, mbee. A Uladi anapuma mozama, nayamba kufewetsa phazi.

Pamenepo anamva dzanja pamkono pawo. Anacheuka. Rahma anali ataseka mpaka wanja wa m'maso kuyenderera m'masaya, koma tsopano sankasekanso. Ankayang'ana mwamuna wake pakhomo paja, akuganizira basi ya ku Joni imene inkamudikira m'mawa mwake.

"Ababa," anatero motsitsa mawu, "tazungulaninso kamodzi."

A Uladi anamuyang'ana. Mwana uyu anamunyamula pampando womwewu ali wakhanda, ndipo mawa mpandowo ukhala wopanda munthu. Anapukuta m'maso ndi mkono wa mkanjo, nati utsiwu ndi woipa. Kenako anaponda moto, napotoza chiwongolero, n'kuwadutsa shehe ali chiimire ndi ndodo yawo m'mwamba.