Nduwira ya Bachittar Singh

Bachittar Singh anali atamangirira nsonga ya nsalu ya nduwira pachogwirira cha chitseko, akukoka ndi dzanja lamanzere, pamene mkazi wake Nasib Kaur analowa ndi tiyi. Chikwatiranireni, mayiyu ndiye ankagwira mbali inayo m'mawa uliwonse, awiriwo n'kumakokerana nsaluyo mpaka itapindika bwino.

"Mwapeza mkazi wina, bambo a Jasmel? Nanga amaphika?"

Bachittar sanaseke. Phewa lake lamanja linali litauma ngati chikuni, mkono sunkafika kumutu, ndipo ankabisa poopa kuti ana amuyesa wotha ntchito. Tsono linali tsiku la ukwati wa mdzukulu wawo, ndipo wolandira akuchimuna pakhomo la gurdwara, nyumba yawo yopemphereramo, anali iyeyo. Nduwira ikagwa pamaso pa alendo, manyazi ake ndi a banja lonse.

Anaulula maso ali pansi. Kenaka anapempha kuti amutengere nduwira yadzana imene anaivula osaimasula n'kuibisa m'kabati, kuti angoiveka pamutu.

"Nduwira si chipewa," anatero Nasib. "Guru, mphunzitsi wamkulu wa chipembedzo chathu, anaipereka kwa alimi ngati inu masiku amene inali ya mafumu okha, ndipo makolo analolera kufa osaivula. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, bambo. Khalani pansi."

Nkhalamba inang'ung'udza kuti mkazi angadziwe chiyani, koma inakhala. Nasib anamupesa tsitsi laimvi lija, analimanga mfundo pamwamba, n'kuyamba kukulunga. Mayiyu anaphunzira kalekale pamutu pa bambo ake, bambowo atachita khungu, choncho nduwira inatuluka yozungulira monga amamangira kwawo ku Mansa, osati yosongoka patsogolo imene Bachittar ankanyadira nayo. Atadziona pagalasi mtima unamuwawa pang'ono, koma atapukusa mutu nduwira sinasunthe.

Ku gurdwara, mnzake wakale Pritam anamuyang'ana kumutu n'kuyamba kugwedezeka ndi phwete.

"Achimwene, kamangidwe aka ndi ka kwawo kwa alamu. Mwakalamba chonchi n'kukalowa chikamwini?"

Bachittar anayang'ana mbali ya amayi, kumene Nasib ankanamizira kukonza mpango wake.

"Ndinalowa kale," anayankha. "Kungoti ndadziwa lero."

M'mawa mwake Nasib atabwera ndi tiyi, anapeza mwamuna wake atakhala kale pampando, nsalu ili pamiyendo, chipeso m'manja.