Ana Obwereka

Alamu anga, achemwali awo a amuna anga, alibe mwana, koma ndi katswiri wa kaleredwe ka ana. Ukatswiriwo anaupeza pa foni. Ali ndi tsamba lawo pomwe ankaphunzitsa amayi zochita ndi ana m'nyumba mvula ikamagwa, ndipo amayi ambirimbiri ankawatsatira. Chimene ankasowa ndi ana okha, ndiye anabwereka anga.

Ine ndine telala. Makina anga ali pabalaza, pakona, pakati pa sofa ndi kabati ya mbale. Ana ndili nawo awiri. Wamkulu ndi mnyamata wa zaka ziwiri, amene tonse timamutchula Namondwe chifukwa pamene wadutsa sipasowa. Mlongo wake ndi khanda longoyamba kumene kukwawa, ndipo chilichonse chimene lapeza pansi limayamba lachilawa, kaya ndi batani, kaya ndi nsapato ya bambo ake. Kunja kukakhala bwino, Namondwe amathera mphamvu zake pothamangitsa mphaka wa aneba. Mvula ikayamba masana, mphamvu zonsezo zimalowa m'nyumba.

Alamuwo ankafika mitambo ikangoda, atanyamula chikwama, kamtengo koimikapo foni, ndi nyali yozungulira ngati chiwongolero cha galimoto. Asanapereke ndi moni yemwe, ankalamula kuti makina anga afundidwe bulangeti chifukwa akuipitsa chithunzi. Zovala zimene ndayanika pamipando zinkathamangitsidwira kuchipinda. Kenako inkafika nthawi yanga. Ankandiuza mwaulemu ndithu kuti ndiime kuseri kwa nyali, poti nkhope yanga imaoneka yotopa ndipo amayi a pa tsamba lawo safuna kuona zotopetsa.

Masewera ake anali ambiri. Tsiku lina tinkakanda ufa ndi mchere ndi utoto kuti ana aumbe tinyama. Tsiku lina mpunga unkathiridwa m'beseni kuti ana azivundula ndi manja, akuti zimatsegula ubongo. Panalinso nyumba ya makatoni, ndi mabotolo a nyemba ogwedeza. Chilichonse chinali ndi dzina lake lachizungu, ndipo ufa, mpunga ndi nyembazo zinkachokera m'khitchini mwanga.

Vidiyo ikatuluka, ineyo ndinkachita kufunsa kuti ana awa ndi a yani. Namondwe ankaoneka atavala malaya oyera, akukanda ufa mofatsa ngati mwana wa abusa, khanda likuseka, kanyimbo kofewa kakulira. Chimene sichinkaoneka n'chakuti Namondwe ankakhala chete chifukwa ine ndinali nditagwada kuseri kwa foni, bisiketi ili m'manja. Khanda linkaseka chifukwa ndinkavina nditavala sefa kumutu. Mvula ikangokata, alamu ankapinda kamtengo kawo, kupsompsona ana m'mwambamwamba kuopa utoto, n'kumapita. Mpunga ndinkautola mpaka m'kati mwa makina osokera.

Amuna anga ndi kalaliki pakampani ina yogulitsa matayala. Mavidiyowo ankawaonera ku ofesi, n'kumaonetsa anzawo monyadira. Akafika kunyumba n'kundipeza ndikupala ufa wouma pansi ndi mpeni, ankapukusa mutu. Ankati ana awa ndi osavuta, vuto ndi ine.

"Muziphunzira kwa achemwali," ankatero akuvula nsapato. "Mwana amafuna ndondomeko."

Mawu akuti ndondomekowo anawatola kwa achemwali awo, ndipo ankawatafuna ngati chingamu. Tsiku lina ndinafunsa chifukwa chimene katswiriyo satsalira kuti tisese limodzi. Anandiyankha kuti ntchito ya achemwali ndi ya m'mutu, ndipo si bwino kuisokoneza ndi tsache.

Ndiye alamu anaganiza zochita laivi, kuti amayi aone zonse zikuchitika nthawi yomweyo, popanda kudula kapena kusoka. Anasankha Loweruka, tsiku limene achimwene awo sapita kuntchito, chifukwa ankafuna kuonetsanso dziko bambo wamakono wosewera ndi ana ake. Amuna anga anakondwa ngati awakweza pantchito. Anameta ndevu, anavala shati yoyera imene ndinawasitira, n'kuyeserera kumwetulira pagalasi.

Tsiku lomwelo ndinali ndi diresi loti ndikapereke kwa mayi wina wa saluni, kutsidya kwa msewu. Ndinanena m'mawa, ndinanenanso pa chakudya chamasana. Palibe anandimva, poti onse anali kalikiliki kukambirana mbali imene nyali iime. Mvula itayamba, ndinayamwitsa khanda mpaka linakhuta, ndinalisintha thewera, ndinabisa singano ndi sizasi pamwamba pa kabati. Kenako ndinatenga ambulera ndi jumbo ya diresi. Laivi inali itayamba kale.

Alamu ananditsatira ndi maso, kumwetulira kudakali pankhope chifukwa cha foni. Anandinong'oneza kuti nanga bisiketi agwira ndani.

"Muli ndi ndondomeko," ndinatero.

Amuna anga anayang'ana foni, anayang'ana ine. Anthu anali akuonera, ndiye anatulutsa mawu aakulu n'kunena kuti ndipite ndikapume, ana awa ndi osavuta.

Ku saluni ndinapeza amayi angapo atatsekeredwa ndi mvula, ena mitu ili m'zowumitsira tsitsi, ena akulukidwa. Mwini saluniyo ndi mmodzi wa otsatira alamu anga, ndipo foni yake inali itatsamira kale pagalasi. Atandiona anadabwa, n'kufunsa kuti ana ndasiyira ndani. Ndinaloza foniyo. Anandikokera mpando.

Phunziro la tsikulo linali kupenta ndi zala. Alamu anafotokoza kuti mwana akakhudza utoto mtima wake umakhazikika. Namondwe anakhala pamkeka, anasuzumira kuseri kwa foni kumene bisiketi imakhala, sanaione. Anasuzumiranso. Kenako anaimirira, anaviika manja onse awiri mu utoto wabuluu mpaka m'zigongono, n'kupita kukakumbatira bambo ake. Bambowo anaseka kuseka kwa munthu amene wapondedwa chala m'tchalitchi.

Pamenepo khanda linali litakwawa n'kutuluka m'chithunzi. Alamu anauza amayi kuti asamatsekereze mwana wofufuza, kufufuza kumakulitsa nzeru. Tinamva chitseko cha kabati chikutseguka, kenako zivundikiro za mapoto zikugubuduzika. Amuna anga anathamangira komweko. Anabwera atanyamula khandalo motalikira ndi thupi lawo, ngati phukusi lodontha, mphuno atakwinya. Anawerama n'kunong'oneza achemwali awo, osadziwa kuti foni ili ndi makutu akuthwa.

"Matewera amakhala kuti?"

Alamu sankadziwa. Pofuna kuphimba nkhaniyo anawerenga funso la mayi wina woonera, amene ankafuna kudziwa kuti khandalo lili ndi miyezi ingati. Analipereka kwa bambo wamakono kuti ayankhe. Bamboyo analiyang'ana khandalo kumaso ngati msinkhu unalembedwa pachipumi, n'kutchula nambala. Amayi onse a mu saluni anatembenukira kwa ine. Ndinawauza kuti bambowo aphonya ndi miyezi itatu. Mayi wina wachikulire, amene ankamupaka mankhwala m'mutu, anati amenewo ayesetsa, amuna ake anakalembetsa mwana kusukulu ndi dzina la mwana wa aneba.

Amuna anga atapita kukasaka matewera, alamu anasintha phunziro n'kukoka nyumba ya makatoni. Namondwe analowamo msanga, ndipo alamu anaombera m'manja kuti taonani amayi, mwana akapatsidwa malo akeake amadekha. Sanaone kuti walowa ndi thumba la ufa limene analiika pambali kudikira phunziro lachiwiri. Ife tonse tinaona. M'katonimo munali zii.

"Mwana akakhala chete, thamanga," anatero mwini saluni, akulankhula ndi foni ngati imva.

Alamu sanathamange. Anapitiriza kufotokoza ubwino wa bata m'nyumba. Amuna anga anabwerera ndi khanda litavala thewera chambuyo, lomata ndi tepi imene ndimamatira mapatani a zovala. Nthawi yomweyo katoni inagwedezeka, ndipo munatuluka kanthu koyera kuyambira kutsitsi mpaka kuzala, manja okha abuluu. Kanthuko kanakhuthulira ufa wotsala m'beseni la utoto, kanapondamo, kanayenda pa sofa. Alamu anakuwa, anadumpha kuti apulumutse chikwama chawo, n'kugunda nyali. Namondwe anaona kuti foni yatsala yokha. Anaizula pakamtengo n'kuliyatsa liwiro.

Tinaona denga, tinaona khoma, tinaona m'mphuno mwa mwana wanga. Kenako kunada. Ndinazindikira mwendo wa bedi lathu ndi sutikesi yakale: anali atalowa kunsi kwa bedi, kumene amabisala akaba shuga. Chithunzi chinathera pomwepo, koma mawu ankamveka bwinobwino kudzera pachitseko.

Poyamba amuna anga ndi alamu ankaitana Namondwe mokoma, kenako moopseza. Atalephera anatembenukirana okhaokha. Amuna anga anafunsa kuti ndondomeko ija ili kuti. Alamu anayankha kuti asawafunse zopusa, ana si awo.

"Ine ana amanditopetsa, achimwene. Ndimangowajambula. Zinazo amachita ndi akazi anuwo."

"Ndiye ntchito yawo imeneyo," anatero amuna anga. "Nanga ine ndinakwatira chifukwa chiyani?"

Mu saluni wina anazimitsa chowumitsira tsitsi kuti amve bwino. Pafoni mauthenga a amayi ankathamanga ngati nyerere zopondedwa, ndipo owonera, amene poyamba anali ochepa, anachuluka kwambiri moti mwini saluni anati alamu anga sanaonepo gulu lotere chiyambire. Mayi wachikulire uja anandigwira dzanja n'kundifunsa ngati ndikufuna tiyi.

Khanda linkalira, koma kulira kwake ndimakudziwa: kunali kwa mkwiyo, osati kwa ululu. Ndinamwa tiyi. Ndinamuyesa mwini saluni diresi lake, ndinapinda m'munsi pamene panatalika, n'kusoka ndi manja pomwepo. Iye anati sindingachoke ndi mutu wotero, ndipo anandikhazika pasinki n'kunditsuka tsitsi ndi madzi ofunda. Pamene ankandipukuta, kulira kunali kutatha, ndipo pafoni pankangomveka kupuma kwa Namondwe. Anali atagona kunsi kwa bedi, foni ili pakamwa. Amayi mazanamazana anakhala akumvetsera mkonono wa mwana wanga, osachoka.

Mvula itachepa ndinawoloka msewu. Pabalaza panali ngati pachigayo. Amuna anga anali atakhala m'mphepete mwa sofa, zikhatho zabuluu pachifuwa ndi pakolala, khanda litagona paphewa pawo. Sankayerekeza n'komwe kutembenuza khosi. Alamu anali atagwada kukhitchini, akusuzumira m'mapoto kufuna foni. Ndinalowa kuchipinda, ndinakoka Namondwe ndi miyendo n'kumugoneka pabedi, ndipo foniyo ndinakaipereka kwa mwini wake.

"Anthu anu akudikira, alamu," ndinatero.

Anaiyang'ana, anaona kadontho kofiira kakuthwanimabe pakona. Anakhala pansi, paufa pomwepo.

Vidiyoyo anaifufuta tsiku lomwelo, koma madzi akatayika saoleka. Anthu anali ataisunga kale. Lolemba amuna anga anapeza thewera patebulo lawo ku ofesi, wina atajambulapo muvi wosonyeza kutsogolo. Mpaka lero, aliyense pakampanipo akapemphedwa kuti anyamule tayala, amayankha kuti nanga ine ndinakwatira chifukwa chiyani. Alamu analengeza pa tsamba lawo kuti adani awo anasokoneza mawu a vidiyoyo ndi makina. Panopa amaphunzitsa kasamalidwe ka maluwa a m'nyumba. Kwathu amabwera kukakhala dzuwa.

Amuna anga sanapepese. Ananena kuti anawo anali atadya shuga wambiri, kenako anasintha n'kunena kuti ndinawatchera msampha. Chimene chinasintha n'chakuti Loweruka lililonse mitambo ikayamba kuda, kuntchito kwawo kumapezeka matayala ofunika kuwerengedwa mwamsanga.

Loweruka lapitali mvula inawapeza asanamange zingwe za nsapato, ndipo inali yamphepo, yosayendeka. Anazungulirazungulira pabalaza, Namondwe ali pamwendo. Kenako anatenga nyuzipepala, analowa m'chimbudzi n'kukhoma chitseko. Namondwe anakhala pansi panja pa chitsekocho ndi dengu langa la tizidutswa ta nsalu, n'kuyamba kutilowetsa kunsi kwa chitseko kamodzikamodzi. Bambo ake ankatikankha ndi phazi kuti tibwerere, iye n'kumatilowetsanso. Khanda linakwawira pomwepo n'kukhala tsonga, likuseka kachidutswa kalikonse kakatulukira. Anachita zimenezi mpaka mvula inakata. Ine ndinamaliza siketi ziwiri ndi kolala ya yunifolomu, ndipo nditagogoda kuwauza kuti kunja kwayera, anayankha kuti sanamalize nyuzipepala.