Anthu Zikwi Khumi a M'holo

Ndimagwira ntchito m'chipinda chosungira mafayilo. Munthu akatchula dzina, ndimatsegula kaundula, kuona nambala ya shelefu, n'kukatenga. Zaka khumi ndi zinayi tsopano.

Tsiku lina mwana wanga wamkazi anabwera ndi homuweki.

"Ababa, aphunzitsi akuti tilembe: ukafunsa kanthu pa intaneti, zimatheka bwanji kuti yankho libwere nthawi yomweyo?"

Sindinkadziwa. Koma momwe ankandiyang'anira, cholembera chili kale m'manja, pakamwa panakana kunena choncho.

"Kuli anthu," ndinatero. "Zikwi khumi, m'holo yaikulu. Ukafunsa amathamanga kukafufuza."

"Satopa?"

"Amasinthana."

Analemba zonse, mpaka kujambula holoyo ndi tianthu take.

Mawa lake anabwera maso ali psuu. Amayi ake ndiwo anandiuza. Aphunzitsi anawerenga pepalalo mokweza, kalasi yonse kufa nazo kuseka. Iye anaimirira n'kutsutsa kuti, "Anandiuza ndi ababa anga, amagwira ku ofesi!" Kuyambira pamenepo anzake akumutcha Bwana wa Holo.

Kuntchito ndinakafunsa mayi wa pa kompyuta, monong'ona.

"Achimwene, inuyo n'kumafunsa zimenezo?" anatero akuseka. "Munthu akafuna fayilo, mumagwedeza chipinda chonse?"

"Ayi, ndimaona m'kaundula."

"Ndiye basitu. Makina awo amakhalira kuyendayenda m'masamba a pa intaneti, n'kumalemba kuti mawu akuti ali pakuti. Inu mukafunsa sapita kukasaka ayi. Amangotsegula kaundula amene analemba kalekale."

Ndinayang'ana buku langa lothothoka chikuto lili pa tebulo. Tiyi sindinamwe tsiku limenelo.

Kunyumba ndinamupeza mwana wanga kuseri akuchapa yunifolomu. Ndinakhala pakhonde.

"Mwanangu, za holo zija ndinangopeka. Sindinkadziwa."

Sanadzutse mutu. Ndinayamba kumufotokozera za kaundula.

"Aphunzitsi atiuza kale," anatero, akufinya siketi. Kenako anati, "Mukanangonena kuti simukudziwa, ababa. Ndikanakafunsa kwina."

Ndinamuthandiza kutaya madzi a sopo.

Lachisanu anabwera ndi homuweki ina. Ndinali pampando pafupi ndi chitseko, nditasiya dala malo pa tebulo. Anandipatsa moni mwaulemu wake wonse, anatulutsa kope m'chikwama, n'kupita kukagogoda kwa aneba.