Kamera ya Mkamwini

Maybin anali munthu wa manja osakhazikika. Pa Zingalume ponse ankamudziwa kuti ndi wokonza njinga, ndipo ukamupatsa njinga yophulika tayala lokha, ankakubwezera atamasulanso mabuleki, tcheni ndi belu lomwe. Koma sabata imeneyo, mu Ogasiti wa 1994, njinga za anthu zinangounjikana pansi pa mtengo wa mango. Mmisiriyo anali pa kamera ya vidiyo.

Kamerayo anabwereka kwa msuweni wake Terrance, wojambula maukwati ku Chipata. Anamupatsa ndi tepi imodzi yokha, n'kumuchenjeza kuti batire lake linafa kale, kuti imamva mawu a munthu amene ali pafupi basi, ndiponso kuti ikagwa pansi chibale chathera pomwepo.

Chimene anaifunira chinali chowawa. Loweruka kunali kubwera lole yotenga anthu a ku Mozambique obwerera kwawo, poti nkhondo inali itatha, ndipo apongozi ake, mayi Malita, anali atalembetsa. Mwana wawo Elinata, mkazi wa Maybin, anamwalira dzinja lapitalo, n'kusiya kamtsikana ka zaka zinayi, Melody. Mwana ndi wa kuchikazi, zimenezo sizifunsa. Agogo akakwera lole, Melody akwera nawo. Maybin analibe pakamwa pa nkhaniyi. Chimene akanatha chinali kutsala ndi chithunzi choyenda cha mwana wake ali ndi agogo ake, choti aziyang'anapo mtima ukamawawa.

Vuto linali apongozi omwewo. Zaka zisanu ndi chimodzi za ukamwini, Maybin anali asanawayang'anepo kumaso. Akakumana panjira, wina ankapatukira kutchire, n'kupatsana moni atagwada, nkhope kumbali. Nanga kamera yofuna kuiyandikiza pamphuno pa munthu kuti imve mawu akanaigwira bwanji?

Choncho anayamba kuiveka zida kamerayo. Lolemba anadula nsungwi zitatu n'kupanga miyendo, pamwamba n'kumangapo khosi la njinga yakale kuti kamera izitha kutembenuka, ndi chitsulo cha buleki ngati chogwirira. Lachiwiri anakankha njinga mpaka kuchigayo kukatenga batire la galimoto limene analipereka kuti alidzaze moto. Lachitatu anabwereka maikolofoni kutchalitchi, n'kulumikiza nthambo zitatu zosiyana mitundu mpaka zinakwana mapazi makumi awiri. Anayesa ndi timahedifoni ta wailesi m'makutu, koma chimene anamva chinali mphepo ya Ogasiti yokhayokha, fuu, fuu. Maikolofoni ija anaiveka sokosi, osathandiza. Anaiveka awiri, mawu anatsamwa. Pomaliza anadula chikopa cha mbuzi cha ubweya wambiri n'kuisokera kachipewa, mphepo ija n'kukhala chete.

Selina, mlamu wake, mng'ono wa malemu, anamupeza akudontheza mafuta pa khosi la njinga lija kachitatu.

"Alamu, uwu ni msampha wa anyani kapena?" anafunsa akuseka. "Amama akuti mukafuna kuwajambula fulumirani, mawa amanga katundu."

"Chikali kugwiragwira ichi. Chifunika chiziyenda mofewa."

"Chafewa kale. Inu ndiye simufewa."

Selina ananena zoona. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma Maybin kudekha anali atakusiya m'mimba mwa amake. Akakhala pansi, maganizo a lole ankamunyamula. Ndiye ankayatsa kamera n'kumayang'ana nkhuku, mbuzi, ngolo yodutsa, akuti akuyesa. Ankamasula natiyi, kumanganso, kumasulanso. Batire lija ankalidya pang'onopang'ono osazindikira.

Lachisanu dzuwa litapendeka, mayi Malita anayala mphasa pakhomo n'kukhala akusenda nshawa, Melody ali pambali pawo. Selina anazika kamtengo ka maikolofoni pafupi ndi mphasayo. Maybin anaimika miyendo yake ya nsungwi kutali, m'mbali mwa nkhokwe, kumene nthambo inathera. Anavala timahedifoni, anaika diso pa kagalasi, anakokera chithunzi pafupi n'kudina batani lofiira.

Melody anadzaza kagalasi konse, akutafuna nshawa, mphuno ili mbuu ndi fumbi. Maybin anamuyang'anitsitsa. Mawa nthawi ngati ino mwanayu adzakhala atawoloka malire.

M'makutu mwake munamveka mawu a apongozi, pafupi ngati akumunong'oneza. "Iwe Selina, kachikopa aka ndiye kamamva?"

"Eya amama. Zonse zimene mukamba zipita m'makutu mwa alamu."

Mayi Malita anasiya kusenda. Anakutumula makoko pachitenje, anadzutsa mutu, n'kuyang'ana kamera maso ndi maso. Maybin anali atangoitembenuzira kwa iwo. Anaona chipumi, masaya, ndi kampata ka mano kamene ankakadziwa bwino. Inali nkhope ya Elinata, itangokalamba. Manyazi anamugwira ngati wakuba. Anachotsa diso msangamsanga, anagwada, mutu pansi, monga mkamwini woleredwa bwino, dzanja lili chigwirire pa chitsulo cha buleki.

"Atate a Melody," anatero mayiwo, "ine kukamba na inu siningathe, nikamba na kachikopa aka. Kumene tipita kulibe sukulu, kulibe chipatala, ndipo akuti minda ikali na mabomba. Mwana wanga mmodzi namusiya m'dothi la kuno. Uyu atsale pafupi na manda a amake. Abale anga adzanikalipira, nidzawayankha nekha."

Maybin analuma mlomo. Misozi inagwera m'fumbi pakati pa mawondo ake.

"Koma munichitireko chimodzi. Elinata sanajambulitsepo olo kamodzi. Anthu amati anatenga nkhope yanga. Ndiye jambulani bwino, musafulumire. Mwana akamakula muzimuonetsa ine, muziti amako anali tere."

Ndipo anakhala phee, mutu uli chidzutsire, mphepo ikuwakupiza duku. Anakhala choncho nthawi yaitali, mayi amene zaka zonsezo ankathawa maso a mkamwini, mpaka kamera inalira kawiri n'kuzima. Batire linali litatha.

Loweruka m'mawa lole inabwera. Anakweza mitolo, mphasa, nkhuku m'zitete. Selina analira mokweza, mayi Malita anangosisita mutu wa Melody n'kukwera osacheuka. Maybin anatsanzikana nawo ali kuseri kwa ngolo, atagwada, akuwomba m'manja. Fumbi lisanathe n'komwe anali atamangirira batire panjinga, mwana pa chitsulo chakutsogolo, ulendo wa kuchigayo. Wachigayo anati injini ilira Lolemba. Masiku awiri amenewo Maybin anakonza njinga zisanu ndi ziwiri, ina mwini wake asanapemphe.

Lolemba masana anakhala pansi pa mango, analumikiza nthambo, anabweza tepi n'kuika diso pa kagalasi. Melody anaoneka akutafuna nshawa. Chithunzi chinasendera kumanzere, nkhope ya mayi Malita inatulukira, kanthawi kophethira kamodzi kokha. Kenaka chinatsetsereka, kudutsa khosi, chifuwa, mawondo, n'kukaima pamphasa. Pogwada paja dzanja lake linali litakankha chogwirira, ndipo khosi la njinga limene analikhutitsa mafuta linamvera bwino lomwe. Kamera inagwada pamodzi ndi mwini wake.

Mawu onse analimo, omveka bwino, opanda mphepo olo pang'ono. Chikopa cha mbuzi chinagwira ntchito yake. Koma m'kagalasimo munali mapazi awiri ong'aluka zidendene, makoko a nshawa ndi mpendero wa chitenje, mpaka tepi kuima. Maybin anatsala manja aja ali lende kwa nthawi yoyamba sabata yonseyo. Anadziona kupusa, ndipo anawamvera chisoni mayi amene anadzutsa nkhope yawo pachabe.

"Atate, nionekoni," anatero Melody akumukoka malaya.

Anamukweza pamwendo, anamuveka timahedifoni, anamuika diso pa kagalasi.

"Agogo!" anakuwa mwanayo. "Mapazi a agogo!" Anaseka, kenaka anakhala duu akumvetsera. "Nanga amama ali kuti? Agogo akuti niwaone."

Maybin anabweza tepi mpaka koyambirira. "Yang'anitsitsa, usaphethire. Apita msanga."

Tepi inayenda. Nkhope ija inabwera n'kupita.

"Nawaona," ananong'ona Melody, diso osalichotsa. "Bwezaninso, atate."

Anabweza.