Bambo Sanamwe

Bambo anga anasiya mowa ine ndisanabadwe, ndipo mayi anawauziratu kuti tsiku limene adzaulawenso, banja latha. Mayi anga salankhula kawiri. Ndiye bambo atayamba kuyankhula lilime likulemera, n'kumapunthwa pabwalo losesedwa bwino, mayi anangogwedeza mutu. "Ayambiranso."

Anawanunkhiza mkamwa. Anafufuza m'matayala akale pamalo pomwe bambo amakonzera njinga, botolo osalipeza. Koma umboni wina unkachuluka: sipanala inkawapulumuka m'manja, madzi akumwa ankawatsamwa, ndipo pamaliro a mnansi wathu anaphulika chiseko mpaka misozi mbwee, osatha kusiya. Titafika kunyumba, mayi anayamba kulongedza zovala zawo.

"Sindimwa ine," bambo ankatero, mawu akukokeka ngati a chidakwa chenicheni. Zinkandipweteka mtima, chifukwa akamakana kwambiri m'pamenenso ankamveka oledzera.

Ndinapempha mayi kuti tipite kaye kuchipatala. Anavomera msanga, osati chifukwa cha chifundo ayi, koma ankafuna adokotala awagwire bodza pamaso pa mboni.

Adokotala, mayi wamfupi wosapupuluma, anawauza bambo atulutse lilime. Linali litafota m'mbali, likunjenjemera lokha. Anayang'ana dzanja lamanja, pomwe mnofu wa pansi pa chala chachikulu unali utaphwa. Atagogoda bondo ndi kanyundo, mwendo unadumpha kutsala pang'ono kumenya tebulo. Anawabaya pang'ono ndi kapini m'mapazi, bambo n'kumva ponseponse. Masiku otsatira anawajambula mutu ndi msana kuti atsimikize kuti si matenda ena, n'kuwayeza minofu ndi tisingano topyapyala.

Tsiku la zotsatira anatikhazika pansi tonse atatu.

"Mitsempha imene imalamula minofu kuti igwire ntchito ikufa pang'onopang'ono," anatero. "N'chifukwa chake lilime, dzanja ndi phazi zikufooka. Chiseko chosaletseka chija n'chamatenda omwewa. Maso ndi makutu zili bwino, ndipo nzeru zawo ndaziyeza, zili zonse."

"Achira?" ndinafunsa.

"Sindikunamizani, mankhwala ochiritsa palibe. Alipo ochedwetsako matendawa, ndi ena ochepetsa chisekocho. Tili ndi anthu owaphunzitsa kumeza bwino ndi kuwongola ziwalo, tiwapatsanso chogwiriziza phazi kuti asamapunthwe. Kupuma kukadzavuta, makina alipo. Simuyenda nokha ulendowu."

Ine ndinalira. Koma bambo anakweza dzanja ngati mwana wasukulu.

"Adokotala, auzeni awa za mowa."

"Mowa? M'magazi mulibe chizindikiro chilichonse, chiwindi chili bwinobwino. Izi sizamowa."

Sindinaonepo munthu akulandira uthenga woipa ndi nkhope yowala chonchija. Anatembenukira kwa mayi pang'onopang'ono, mwaufumu.

"Mwamva, amake mwana?"

Mayi anasendera pafupi ndi bambo. Kenako anagwira dzanja lofota lija ndi manja onse awiri. "Ndakulakwirani, abambo ake. Ndinauza msewu wonse."

"Mukauzenso msewu wonse," anatero bambo.

Pobwerera ndinkafuna kuimitsa galimoto yoti tikwere, koma bambo anakana. Anati tiyenda wapansi, ndipo tidzera kumsika. Ankakoka phazi, akudzandira, mayi atawagwira pamkono. Titafika pakhomo pa bala, anthu omwe anali pakhonde anayamba kukodolana. Wina, mnzawo wakale wa bambo, anakuwa kuti, "Amjomba, mwayamba m'mawa lero!"

Mayi anaima. Ndinkadziwa kuti wina aona zakuda, koma sanatukwane.

"Amuna anga akudwala," anatero mokweza kuti ndi ogulitsa mkati amve. "Anandilonjeza kuti sadzamwanso, ndipo sanamwe. Wabodza ndinali ine."

Mnzawo uja anaika botolo pansi, n'kubwera kudzawagwira bambo mkono winawo.